Khonsolo Ikuti Ndigwetse Zimene Ndamanga pa Puloti Yanga: Kodi Ili ndi Mphamvu Zotere?

Funso la owerenga

"Ndinagula puloti zaka 6 zapitazo ndipo mapepala onse aumwini ali m'dzina langa. Chaka chatha ndinawonjezera zipinda ziwiri kuseri kwa nyumba. China amagonamo ana, china ndinaikamo makina opalira matabwa chifukwa ndine kalipentala. Sabata yatha kwabwera kalata ya khonsolo. Akuti ndinamanga popanda chilolezo, khoma lafika pafupi kwambiri ndi malire, ndiponso dera lathu ndi la nyumba zokhalamo basi, osati la ntchito za makina. Andipatsa masiku 28 kuti ndikonze zinthu, apo ayi achita okha. Chondiwawa n'chakuti ena mumsewu womwewu anamanga chimodzimodzi koma palibe wawakhudza. Kodi malowa si anga? Kodi khonsolo ingandigwetseredi nyumba? Usiku sindikupeza tulo."

Yankho

Bambo, khazikani mtima pansi. Kalata imene mwalandirayo si chigamulo cha khoti, ndipo sikutanthauza kuti mawa m'mamawa kubwera anthu ogumula. Kumene malamulo amatsatidwa, kugwetsa nyumba kumabwera kumapeto kwenikweni, njira zina zonse zitakanika, ndipo nkhani zambiri zonga yanuyi zimathera pa kukonza pulani, kulipira chindapusa kapena kusintha mbali imodzi ya zimene zinamangidwazo. Koma musaipinde kalatayo n'kuiponya m'kabati. M'kalata yonseyo, mawu olemera kuposa ena onse ndi akuti "masiku 28". Munthu atha kukhala ndi mfundo zomveka bwino koma n'kuluza, chifukwa choti tsiku loyankha linadutsa iye akadali wokwiya.

Mwafunsa ngati malowo si anu. Ndi anu ndithu. Chikalata chaumwini chimakupatsani mphamvu yokhalapo, yoletsa ena kulowapo, yogulitsa, yochititsa lendi ndi yosiyira ana anu. Chimene sichikupatsani ndi ufulu womanga chilichonse kapena kuchitirapo ntchito iliyonse imene mwafuna. Mbali imeneyo boma linaisunga n'kuipereka m'manja mwa makhonsolo, ndipo chifukwa chake n'chosavuta kumva: phokoso, utsi, moto, mthunzi ndi madzi amvula sizidziwa malire a puloti. Denga lanu likamathira madzi pabwalo la mnzanu, nkhaniyo yasiya kukhala ya inu nokha. Lamulo lomwe lakupwetekani leroli ndi lomwenso likuletsa woyandikana nanu kutsegula malo ophera ng'ombe kapena osungira mafuta a galimoto pansi pa zenera la ana anu.

Kugawa tauni m'zigawo, ichi cha nyumba zokhalamo, ichi cha malonda, icho cha mafakitale, si njira yakale kwambiri. Mzinda wa New York unakhazikitsa lamulo lake lalikulu loyamba mu 1916, patangopita chaka chimalizireni kumanga Equitable Building, chinyumba chosanja chimene chinakwera molunjika kuchokera m'mphepete mwa msewu n'kutchingira anzake dzuwa. Mu 1926 khoti lalikulu la ku America linagamula mlandu wa kampani ya Ambler Realty, imene inkadandaula kuti malamulo a katauni ka Euclid ku Ohio atsitsa mtengo wa malo ake. Khotilo linati kugawa malo motere n'kololeka, bola kukhale kokhudzana ndi thanzi, chitetezo ndi ubwino wa anthu onse, ndiponso kusachitike mwachisawawa. Ku Britain lamulo la 1947 linafika poti kumanga kwa mtundu uliwonse kumafuna chilolezo, kupatula timantchito ting'onoting'ono timene lamulo lalola kale, ndipo mayiko ambiri amene ankalamulidwa ndi Britain anatengera kachitidwe kameneka. Ndiye funso lakuti "kodi khonsolo ili ndi mphamvu?" linayankhidwa kalekale. Funso limene lingakupulumutseni ndi lakuti, kodi mphamvuzo yazigwiritsa ntchito motsata njira yake, ndipo chilango chikulingana ndi cholakwacho?

Tsopano tiyeni tiphwanye kalata yanuyo, chifukwa muli milandu itatu yosiyana imene yangomangidwa mtolo umodzi, ndipo uliwonse uli ndi mankhwala ake.

Woyamba ndi kumanga popanda chilolezo. Uwu ndi wopepukirapo. Malamulo ambiri amalola munthu kupempha chilolezo ntchito itachitika kale. Mumapeza wojambula mapulani wovomerezeka, amayeza zimene zilipo n'kuzijambula monga momwe ziliri, osati momwe mukanafunira kuti zikhale. Ngati maziko ndi zitsulo zinakwiriridwa kale, khonsolo itha kupempha lipoti la injiniya, ndipo nthawi zina amakumba kadzenje pakona kuti aone kuya kwa maziko. Ndalama za pempho lochedwa lotere nthawi zambiri zimaposa za pempho lapanthawi yake. Dziwaninso kuti kupempha sikutanthauza kupatsidwa. Pempholo limayesedwa ndi muyeso womwewo umene akanaugwiritsa ntchito mukanapempha musanaike njerwa ndi imodzi yomwe, ndipo mawu akuti "koma ndawononga kale ndalama zambiri" sawerengedwa.

Wachiwiri ndi khoma loyandikira malire, ndipo apa ndi pamene ndikufuna mukhale tcheru. Mpata umene lamulo limafuna pakati pa nyumba ndi malire uli ndi ntchito: moto usalumphire msanga kwa mnzanu, mpweya ndi kuwala zilowe m'zipinda, madzi apeze podutsa, ndipo mapaipi a madzi, a zonyansa kapena mawaya amagetsi afikirike akawonongeka. Kutalika kwake kumasiyana malinga ndi chigawo. Kwina amafuna mita 1.5 m'mbali, kwina mamita 3 kapena kuposa kuseri, ndipo kutsogolo, kumsewu, mpata umakhala waukulu kuposa kwina konse. Cholakwa chimene anthu amachita kawirikawiri n'kuyeza kuchokera pampanda. Mpanda si malire. Malire ndi mabikoni amene anaikidwa ndi woyeza malo, ndipo sizachilendo kupeza mpanda utalowa theka la mita kwa mnzako kapena utabwerera kwako. Funsaninso ngati muyesowo umayambira pakhoma kapena kumapeto kwa denga, chifukwa malamulo ena amawerengera ndi mlomo wa denga womwe. Pezani woyeza malo wovomerezeka atsimikize mabikoni musanatsutse kapena kuvomera kanthu. Zitha kutheka kuti woyendera wa khonsolo nayenso anayeza kuchokera pampanda.

Onaninso chinthu china chimene kalata sinatchule koma chitha kutulukira pempho lanu likalowa: gawo la puloti limene limaloledwa kuphimbidwa ndi nyumba. Tiyerekeze kuti puloti ndi ya masikweya mita 600 ndipo lamulo limalola 40 peresenti. Ndiye kuti nyumba zonse pamodzi, kuphatikizapo garaja ndi zipinda zatsopanozo, zisapitirire masikweya mita 240. Werengani nokha musanapite ku ofesi, kuti musakadzidzimukire komweko.

Ngati khoma lalowadi mumpata woletsedwa, pali njira yopempha kuti lamulo lifewetsedwe pa puloti yanu yokha. Komiti yoona zopempha zotere imafunsa mafunso odziwika. Kodi vuto lachokera ku malowo, monga puloti yopapatiza, yosongoka mbali imodzi ngati nkhwangwa, yotsetsereka kapena yokhala ndi thanthwe pakati? Kodi kufewetsako kupweteka oyandikana nawo? Kodi mwapempha zochepa zokhazo zimene zikufunika? Ndipo kodi vutolo simunadzipangire nokha? Funso lomalizali ndi limene lingakuvuteni, chifukwa munamanga musanafunse. Komabe kulowa masentimita 30 ndi kulowa mamita 2 ndi nkhani ziwiri zosiyana. Pa kulowa pang'ono, makhonsolo ena amalola ngati mutseka mazenera a khoma loyang'ana malire, kuika ngalande ya padenga yobweza madzi kwanu, ndi kubweretsa kalata ya woyandikana nanu yonena kuti alibe nazo vuto. Koma khoma likakhala pamwamba pa paipi ya zonyansa, pansi pa mawaya amphamvu amagetsi kapena pa malo osungidwira msewu, musadzinamize, limenelo lichoka. Zikatero n'kwanzeru kudzipereka nokha kuchotsa mbali yolakwikayo n'kupulumutsa zotsalazo.

Wachitatu ndi makina a matabwa. Malamulo ambiri saletseratu kugwirira ntchito pakhomo. Amalola ntchito imene siisintha maonekedwe ndi bata la dera: yochitikira m'kati, yosatenga gawo lalikulu la nyumba (kwina amati isapitirire kota), yopanda antchito ambiri ochokera kunja, yopanda magalimoto olemera obwera pafupipafupi, yopanda phokoso, fumbi ndi fungo zodutsa malire. Wosoka zovala ndi wolemba maakaunti amakwana mosavuta m'malire amenewa. Makina opalira matabwa amavuta, ndikuuzeni zoona, chifukwa amalira mokweza, amatulutsa fumbi, ndipo utuchi ndi vanishi zikakhala pafupi ndi chipinda chogona ana ndi ngozi ya moto. Mutha kupempha chilolezo chapadera chokhala ndi zoyenera kutsata: maola oyatsira makina, zitseko zotseka pogwira ntchito, chotengera fumbi, chozimitsira moto, matabwa osaunjikidwa panja. Zikakanika, ganizirani zosamutsira makina aphokosowo ku chigawo cha mafakitale ang'onoang'ono n'kusiya pakhomo ntchito zamanja zokha. M'maganizo anga, pa milandu itatuyi, uwu ndi umene muyenera kukhala wokonzeka kugonjerapo, chifukwa kugonja pamenepa kumafewetsa mitima pa milandu iwiri inayo.

Mwina mukudabwa kuti khonsolo inadziwa bwanji. Makhonsolo ambiri alibe oyendera okwanira kuzungulira msewu uliwonse, choncho nkhani zambiri zimayamba ndi dandaulo la munthu. Zina zimatulukira pa zithunzi zojambulidwa kuchokera m'mwamba, pounika nyumba zolipiritsa msonkho, kapena munthu akafuna kugulitsa. Dandaulo likafika, woyendera amabwera kudzaona, kujambula ndi kuyeza. Kenako pamabwera kalata yochenjeza, imene nthawi zambiri ilibe chilango, imangopereka mpata wokonza. Mukapanda kuchitapo kanthu, pamabwera chidziwitso chalamulo chokakamiza. Ngati ntchito ikupitirira, pamabweranso lamulo loimitsa ntchito nthawi yomweyo. Kunyozera zimenezi ndiye kumasandutsa nkhani ya mapepala kukhala mlandu wa kukhoti, ndipo chindapusa m'malo ambiri chimawerengedwa tsiku ndi tsiku mpaka mutamvera. Pomaliza, khonsolo itha kulowa n'kugwetsa yokha, n'kukutumizirani bilu ya ntchitoyo. Biluyo ikapanda kulipidwa imalembedwa ngati ngongole pa malowo, moti simungagulitse kapena kutengera ngongole kubanki musanaibweze.

Ndiye ntchito yanu yoyamba n'kudziwa kuti kalata yanuyo ili pa sitepe iti. Chidziwitso chalamulo chenicheni chimayenera kutchula malo molondola, kufotokoza cholakwa, kutchula gawo la lamulo limene laphwanyidwa, kunena zimene muyenera kuchita ndi nthawi yake, ndi kukuuzani kumene mungachite apilo. Chiyenera kusainidwa ndi munthu amene ali ndi udindo wotero ndiponso kuperekedwa kwa mwini malo m'njira yovomerezeka. Chikasowa zinthu zimenezi chitha kuthetsedwa. Koma musadalire kwambiri zolakwika zazing'ono ngati dzina lolembedwa molakwitsa chilembo chimodzi, chifukwa khonsolo imangokonza n'kutumiza china. Zimene mwapindula ndi masabata ochepa basi.

Nanga ufulu wanu uli pati? Ulipo, ndipo ndi wambiri kuposa momwe anthu amaganizira. Muli ndi ufulu wouzidwa cholakwa momveka, woona mapu a zigawo ndi malamulo amene akukuzengerani, womvedwa chigamulo chisanaperekedwe, wopatsidwa zifukwa zolembedwa, ndi wokadandaula kwa ena amene sanatenge nawo mbali pa chigamulo choyambacho, kaya ndi komiti ya apilo, bwalo lapadera la za malo, nduna kapena khoti. Ngakhale kulowa m'nyumba mwanu kuli ndi malire. Ku America khoti lalikulu linagamula mu 1967 kuti mwini nyumba akakana, woyendera ayenera kukatenga chilolezo cha khoti asanalowe. Ku England woyendera sangakakamize kulowa m'nyumba yokhalamo asanapereke chidziwitso cha maola 24. Ku South Africa malamulo aakulu a dziko a 1996, gawo 26, amaletsa kugwetsa nyumba imene munthu akukhalamo popanda lamulo la khoti loperekedwa khotilo litaganizira zonse zokhudza nkhaniyo. Funsani kuti lamulo la kwanu likuti chiyani pa mfundo zitatuzi. Komabe sindikulangizani kutsekera woyendera pageti. Mufunseni chiphaso chake, lembani dzina ndi tsiku, yendani naye limodzi, ndipo iye akamayeza inunso muziyeza.

Pali chitetezo china chimene anthu ambiri sachidziwa. Ngati ntchito kapena nyumba inalipo mwalamulo lamulo latsopano lisanabwere, nthawi zambiri imaloledwa kupitirira. Wowotcherera zitsulo amene anayamba dera lisanasandutsidwe la nyumba zokhalamo sachotsedwa tsiku limodzi. Koma ufulu umenewu ndi wosalimba: saloledwa kukulitsa, ndipo akasiya ntchitoyo kwa nthawi yoikika, kwina miyezi 6, kwina chaka kapena ziwiri, ufuluwo umafa. Kwa inu, bambo, njirayi ikuoneka yotseka, chifukwa munayamba chaka chatha, pokhapokha ngati malamulo a chigawo chanu anasintha inu mutayamba kale. Funsani tsiku limene pulani ya deralo inayamba kugwira ntchito.

Enanso amakuuzani kuti mukangokhala chete zaka zingapo, khonsolo imataya mphamvu. M'mayiko ena zilidi choncho, m'mayiko ena mulibe malire a nthawi. Ku England kwa nthawi yaitali nyumba yomangidwa popanda chilolezo inkatetezeka pakatha zaka 4, koma kuyambira mu April 2024 malirewo ndi zaka 10. Ndipo kubisa dala sikuthandiza. Mlimi wina wa ku Surrey anamanga chinyumba chooneka ngati linga la mafumu kuseri kwa mulu waukulu wa mitolo ya udzu wophimbidwa ndi matenti, n'kukhalamo zaka 4 asanachotse udzuwo. Makhoti anati ntchito yomanga sinathe mpaka tsiku limene udzu unachotsedwa, ndipo nyumbayo inagwetsedwa mu 2016. Mphamvu ya khonsolo imagwiranso ntchito mbali inayo: mu 2015 nyumba yakale yomweramo mowa ya Carlton Tavern ku London itagumulidwa popanda chilolezo, khonsolo ya Westminster inalamula kuti imangidwenso mmene inalili, ndipo inatsegulidwanso mu 2021.

Tsopano nkhani imene ikukuwawani kwambiri, yoti ena anamanga chimodzimodzi. Ndikumvetsa, ndipo kukwiya kwanu kuli ndi maziko, chifukwa lamulo logwira mmodzi n'kusiya anzake limachotsa chikhulupiriro cha anthu. Koma pamaso pa komiti kapena khoti, mawu akuti "enanso analakwa" sachotsa kulakwa kwanu. Kuwonjezera apo simukudziwa zimene zili m'mafaelo awo. Mwina ena anapatsidwa chilolezo chofewetsa, mwina anamanga lamulo lisanasinthe, mwina nawonso ali ndi makalata m'makabati mwawo. Mfundoyi imagwira ntchito m'njira ziwiri zokha. Yoyamba, ngati khonsolo inaloleza mwalamulo nyumba zina mumsewu wanu kufika pamuyeso wofanana ndi wanu, umenewo ndi umboni wakuti khoma lanu silikuwononga dera, ndipo ayenera kufotokoza chifukwa chake akukusiyanitsani. Yachiwiri, ngati mungaonetse kuti akusankhani dala chifukwa cha mtundu, chipembedzo, ndale kapena chidani cha munthu waudindo. Zimenezi si nthano, malamulo a malo anagwiritsidwapo ntchito moipa. Mu 1917 khoti lalikulu la ku America linathetsa lamulo la mzinda wa Louisville logawa malo okhala potengera khungu, ndipo ku South Africa lamulo la Group Areas la 1950 linasamutsa anthu ambirimbiri pa chifukwa chomwecho. Koma tsankho limafuna umboni, osati kungoganizira. Ndipo samalani potchula mayina a anzanu m'kalata yanu. Mutha kuyatsa moto mumsewu wonse popanda inu kupindulapo kanthu, pamene siginecha ya ena mwa iwo mukuifuna.

Mwina mukudzifunsanso ngati boma liyenera kukulipirani chifukwa chokuletsani kugwiritsa ntchito malo anu. Boma likalanda malo kuti limange msewu kapena sukulu, chipukuta misozi chimayenera kuperekedwa. Koma lamulo longochepetsa zimene mungachite pa malo nthawi zambiri sililipiridwa, ngakhale mtengo wa malowo utatsika. Malire ake ndi pamene lamulo lapitirira muyeso, mfundo imene khoti lalikulu la ku America linaikhazikitsa mu 1922 pa mlandu wa kampani ya malasha ku Pennsylvania. Mu 1992 khoti lomweli linaona nkhani ya munthu amene anagula mapuloti awiri m'mphepete mwa nyanja ku South Carolina mu 1986, kenako lamulo la 1988 n'kumuletsa kumangapo nyumba iliyonse. Linati lamulo likachotsa phindu lonse la malo, zikufanana ndi kulanda. Ku Britain, mwini malo amene wakanizidwa chilolezo ndipo malo ake sangagwirenso ntchito yaphindu atha kukakamiza khonsolo kuti iwagule. Inu nyumba yanu ilipo ndipo mukukhalamo, choncho khomo limeneli silikutsegukirani. Komanso chomangidwa popanda chilolezo chikagwetsedwa motsata lamulo, palibe chipukuta misozi.

Nazi zimene ndikanakonda muchite sabata ino. Imitsani ntchito iliyonse yomanga, ngakhale kupaka pulasitala, ndipo zimitsani kaye makina aphokoso. Kupitiriza mutalandira kalata kumaoneka ngati mwano ndipo kumakulitsa chilango. Lembani tsiku limene munalandira kalatayo, sungani envulopu yake, ndipo funsani ngati masiku 28 akuwerengedwa kuyambira tsiku lolemba kapena lolandira, ndiponso ngati Loweruka ndi Lamlungu akuwerengedwa. Jambulani zithunzi za zipinda zonse ziwiri, mkati ndi kunja, tepi yoyezera ikuoneka. Sonkhanitsani chikalata chaumwini, mapu a puloti, pulani yovomerezeka ya nyumba yoyambayo, malisiti a msonkho wa khonsolo ndi malisiti a zipangizo, chifukwa amaonetsa nthawi imene munamanga. Werenganinso chikalata chaumwinicho mpaka kumapeto. Ngati malowo ndi a lizi, mutha kupezamo mawu oletsa bizinesi kapena kumanga popanda chilolezo cha mwini nthaka, ndipo chilolezo cha khonsolo sichifafaniza mawu amenewo.

Mukatero pitani ku ofesi yoona za mapulani mukakumane ndi amene akuyendetsa nkhani yanu. Pitani ndi mafunso, osati ndi mkwiyo: ndi gawo liti la lamulo, muyeso wofunika ndi wotani, anayeza kuchokera pati, kodi pempho lochedwa alilandira, ndipo kodi aimitsa kaye zochita zawo pamene pempholo likuunikidwa? Chilichonse chimene mwagwirizana chilembedwe. Ofesala akakuuzani pakamwa kuti "musadandaule, tiziona", mawu amenewo saimitsa masiku, ndipo iyeyo akasamutsidwa, wobwera pambuyo pake adzangowerenga zimene zili mufaelo. Mukabwerera kunyumba lembani kalata yachidule yobwereza zimene mwakambirana, kaiperekeni, ndipo kope lanu alidinde tsiku. Chofunika koposa n'chakuti kukambirana kusakulepheretseni kuchita apilo. Ikani apilo nthawi isanathe ngakhale zokambirana zikuyenda bwino, chifukwa apilo itha kuchotsedwa mukagwirizana, koma tsiku likadutsa silibwerera. M'malamulo ambiri apilo yoikidwa panthawi yake imaimitsa chidziwitsocho mpaka chigamulo chitatuluka, koma tsimikizani zimenezi, popeza lamulo loimitsa ntchito lokha nthawi zambiri limakhalabe lamphamvu.

Musaiwale oyandikana nanu. N'kutheka kuti dandaulo linachokera kwa mmodzi wa iwo, ndipo makhonsolo ambiri saulula dzina. Musafufuze kuti ndani, ndipo musaopseze munthu. Pitani kwa amene khoma lawayandikira mukawafunse chimene chikuwasowetsa mtendere. Mutha kupeza kuti khoma alibe nalo kanthu, chowavuta ndi makina olira mwana wawo akugona, kapena madzi a padenga okumba maziko a mpanda wawo. Zoterezi zimakonzeka ndi ndalama zochepa poyerekeza ndi kugumula, ndipo kalata yawo yovomereza imalemera pamaso pa komiti, ngakhale siimanga komitiyo.

Chenjezo limodzi ndilinene mosabisa. Wina atha kubwera n'kunena kuti mukamupatsa kangachepe, faelo isowa. Musayerekeze. Chiphuphu ndi mlandu woposa umene muli nawowu, ndipo sichikupatsani pepala lililonse. Chipinda chimakhalabe chosavomerezeka, vuto limadzatulukanso pogulitsa, potenga ngongole, popempha inshulansi moto ukachitika, kapena pamene ana anu adzafune kusintha dzina pa malowo inu kulibe. Ndalama iliyonse ya khonsolo ilipiridwe pa malo olipirira ovomerezeka ndipo mulandire lisiti. Chenjeraninso ndi ojambula mapulani amene amalonjeza kujambula khoma patali ndi malire pamene lili pafupi. Chilolezo chopezedwa ndi pulani yabodza chitha kulandidwa nthawi iliyonse.

Pa nkhani ya chilolezo chochedwa ndi kufewetsa muyeso, wojambula mapulani kapena katswiri wa mapulani a matauni ndi amene angakuthandizeni kwambiri, ndipo amatsika mtengo kuposa loya. Koma pitani kwa loya wodziwa za malo mosachedwa ngati kalatayo ikutchula tsiku logwetsa, ngati mwalandira masamoni, ngati kwatsala masiku osakwana 10 kuti nthawi ya apilo ithe, ngati woyeza malo wapeza kuti khoma ladutsa malire n'kulowa kwa mnzanu, kapena ngati khonsolo yakana kulandira pempho lanu popanda kupereka chifukwa. Ogumula akafika popanda chidziwitso chokwanira kapena apilo isanagamulidwe, musalimbane nawo ndi manja. Jambulani zimene zikuchitika, funsani pepala limene lawatuma, ndipo loya athamangire kukhoti kukapempha chiletso chamsangamsanga. Ngati ndalama za loya palibe, funsani za ofesi yothandiza anthu pa milandu mwaulere, kapena ofesi yolandira madandaulo okhudza maofesi aboma, kumene ilipo.

Ndipo pamene zonsezi zikuyenda, asamutseni kaye anawo m'chipinda choyandikana ndi makinacho, kapena tulutsani utuchi, guluu ndi vanishi madzulo aliwonse, mpaka injiniya ndi wamagetsi ataona makoma, denga ndi mawaya a zipinda ziwirizo.